Ulusi ndi Nsapato za Abambo

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Mukudzuka bwanji kumeneko, inuyo, alamu ndi ana? Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Kuno tilipo ndithu. Ine ndi makina anga osokera tikungokangana monga mwa masiku onse. Abambo nawo bala la pachipumi lija lauma, patsala kachipsera koti mukabwera mudzachita kukafunafuna.

Ndasankha kulemba osati kuimba foni, chifukwa pafoni inu mumalankhula ngati mukuthamangira basi, ine n'kumangoti "chabwino achimwene" ngakhale pamene sizili bwino. Papepala simungandidule mawu. Ndiye khalani pansi, alamu akupatseni tiyi, mumve nkhani ya galu uja munati ndimubweze.

Mayi Wailesi, aneba athu aja, anakuuzani kuti galu anagwetsa abambo. Kandimverere anakanena zam'maluwa. Iwo anangoona mathero ake, chiyambi chake sakuchidziwa.

Mukukumbuka mmene munawasiyira abambo atatuluka m'chipatala ndi sitiroko ija. Adokotala anati miyendo ilibe mlandu waukulu, azingoyenda pang'onopang'ono. Abambo anavomera ndi mutu, atafika kunyumba anakhala pampando wawo pakhonde, basi. Munthu amene moyo wake wonse ankayenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita a madzi anavula nsapato n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. Ndikawapempha kuti tikafike pageti pokha, ankandiyankha kuti geti analiona kale, silinasinthe.

Galuyu sindinachite kumufunafuna. Kuseri kwa msika kuli malo amene amasungako agalu otayidwa ndi ozunzidwa mpaka atapezeka wowatenga. Mayi woyang'anira malowo anandipatsa ntchito yosoka timatiresi togonapo agalu, ndipo tsiku lokapereka ndinadutsa pakati pa makola. Agalu onse ankauwa, kudumpha, aliyense kudzitsatsa. Mmodzi yekha sanandiyang'ane n'komwe. Anali wamkazi, wofiirira, nthiti zili pamtunda, m'khosi muli mzere wopanda bweya ngati wavala mkanda. Ankangoyenda mozungulira, mutu uli pansi.

Mayi uja anati anamupeza atamangidwa kuseri kwa nyumba imene eni ake anasamuka n'kumusiya, ndipo zimaoneka kuti anakulira pa unyolo. Anthu obwera kudzatenga agalu ankamulambalala chifukwa sagwedeza mchira. Ndinafunsa dzina lake, anati alibe. Chimene chinandilowa mumtima sindikuchidziwa mpaka lero. Ndinapita ndi timatiresi, ndinabwerako ndi kamodzi kukhwapa, galu ali pambuyo. Ndinamutcha Ulusi, poti ndi kuwonda kwakeko akanatha kulowa pasingano.

Abambo ndi agalu mukuwadziwa. Zipsera za kumiyendo kwawo zimaposa masatifiketi athu tonse. Anamuyang'ana Ulusi kuchokera kumutu mpaka kumchira, n'kunena kuti agalu anawadya zaka zonse za pantchito, lero atapuma mwana wawo yemwe wawabweretsera mdani kuti amalize zotsala. Dzina lake anakana kulitchula. Ankangoti "chinthu chako chija".

Sindikunamizani, masabata oyamba ndinagwira njakata. Ndikanyamula tsache, Ulusi ankagona chagada n'kudzikodzera. Ndowa ikalira, ankanjenjemera mpaka madzulo. Sankadya munthu akumuona. Buledi ankakamukwirira m'dengu langa la zigamba, ine n'kudzazindikira nyerere zitapanga kale msonkhano. Tsiku lina anagonera diresi laukwati la kasitomala, ndinachotsa bweya limodzilimodzi uku ndikupemphera. Kangapo konse ndinaima pageti n'kuganiza zomubweza, inu musananene n'komwe.

Koma chimene chinkandipweteka kwambiri ndi kuzungulira kuja. Pabwalo anasankha malo pafupi ndi mpopi, n'kuyamba ulendo wake. Udzu unatha, panatsala kanjira kozungulira bwinobwino ngati wina wachita kujambula ndi mbale. Geti litakhala lotsegula, iye osapitako. Ndikaika chakudya kunja kwa kanjirako, ankatambasula khosi, miyendo yakutsogolo n'kuima pamzere penipeni, malovu ali chuchuchu, kenako n'kubwerera ndi njala yake. Tsiku lina ndinatopa, ndinamumanga chingwe kuti ndimukoke. Analira ngati mwana wakhanda.

Pamenepo ndinamva mawu kuchokera pakhonde. "Usamukoke. Galu ameneyo akadali pa unyolo."

Ndinawauza kuti unyolo anaudula kalekale. Abambo anapukusa mutu. Anati wowerenga mamita akalowa pakhomo pa munthu sayamba wayang'ana galu, amayang'ana pansi. Pamene udzu wathera ndi pamene unyolo wathera, ukaponda kunja kwa mzerewo galu auwe bwanji sakupeza. Anati zaka zonsezo iwo ankaima kunja kwa mizere yotere akunyadira nzeru zawo, osaganizako kuti m'kati mwake mumakhala bwanji. Achimwene, chitulukireni m'chipatala anali asanalankhulepo mawu ambiri chotero.

M'mawa mwake ndili pamakina ndinamva mpando ukukhwekhwerezeka. Kusuzumira pawindo, abambo autsitsa pakhonde okha, akuukoka ndi dzanja lawo labwino lija, ndodo ili kukhwapa. Anakauika m'mphepete mwa kanjira ka Ulusi, n'kukhala momufulatira, maso ali tsinzi. Nditafunsa anati akutsata dzuwa. Dzuwa lake linali la buledi amene anabisa m'thumba la jekete.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku angapo Ulusi ankangowadutsa kumbuyo. Kenako anayamba kuima, kununkhiza zala zawo zakuphazi, mpaka tsiku lina anagona atatsamiritsa chibwano paphazi lawo lodwala lija. Kuyambira pamenepo mpando unayamba kusuntha. Lero pang'ono, mawa pang'ono, ndipo galu pofuna phazi lake ankaponda kunja kwa mzere osazindikira. Mpando unafika pachingwe choyanikapo zovala, unafika pamtengo wa mandimu. Kumeneko kuli timiyala, choncho abambo anandituma kuti ndikawatengere nsapato kunsi kwa bedi. Ndinazipukuta fumbi nditatseka chitseko kuti asandione ndikulira. Sabata yomweyo Ulusi anatafuna lilime la nsapato yakumanzere, abambo n'kungoti mayi awa ali ndi mano abwino. Sanalinso "chinthu chako".

Ndikanakonda mukanawaona masana, dzuwa likapendeka. Onse awiri amagona pansi pa mandimu, wina pampando, wina pamapazi. Ulusi akagona amathamanga kutulo, miyendo ikupalasa m'mwamba, akuuwa chapansipansi ngati ali kutali. Mwendo wa abambo nawo umachita kudumphadumpha. Ine ndimaimitsa makina kuti ndisawadzutse, n'kumangowayang'ana, mpaka nane maso kulemera. Ndimaganiza kuti akulota msewu umodzi, wautali, wopanda mageti, mipopi yonse ikutuluka madzi, mamita akuzungulira popanda wowawerenga. Kutsogolo kwake ndimaonako malemu amayi ataima ndi ambulera yawo ija, akuwakalipira kuti achedwa. Mphepo ikagwedeza zovala pachingwe ndimadzidzimuka, singano ili m'manja, msoko sunathe.

Tsopano za tsiku lija. Ndinali kuyeza kasitomala m'chiuno, nditatukula maso ndinaona mpando uli pageti wopanda munthu. Ndinathamanga tepi ili m'khosi, ndipo ndinawaona chapatali, kumapeto kwa msewu wathu, m'kuwala kwa m'mawa kuja koti munthu amaoneka ngati sakuponda pansi. Abambo patsogolo ndi ndodo, Ulusi pambali, wopanda chingwe, poti abambo analumbira kuti khosi limenelo silidzaonanso chingwe. Sindinawaitane. Ndinangowatsatira chapatali ngati wakuba.

Atafika pabwalo la mpira, Ulusi anaima nthawi yaitali akuyang'ana udzu wonsewo. Kenako anathamanga. Osati mozungulira, achimwene, koma molunjika, makutu ali m'mbuyo, mpaka kugolo lakutsidya. Abambo anaseka chikhakhali, anakweza ndodo m'mwamba ngati timu yawo yagoletsa, n'kuiwala kuti ndodoyo ndi mwendo wawo wachitatu. Ndi mmene anagwera. Galu anali kutali nawo ngati kuchokera pakhomo pathu kukafika kugolosale.

Cholakwa cha Ulusi sindibisa. Atabwerera n'kuwapeza pansi, anaima pamwamba pawo mano ali pamtunda, osalola munthu kuwakhudza. Mwini golosale atayesa kuwadzutsa, anamung'ambira buluku. Apa ndi pamene Mayi Wailesi anafika ndi foni yawo. Bulukulo ndinasoka ndekha ndipo ndinakapepesa, koma ndikudziwa kuti akanatha kuluma munthu.

Madzulo ake munaimba. Munati galu abwerere kumene anachokera, geti lizikhala lokiya, ndipo mutumiza njinga ya olumala kuti abambo asadzagwenso. Ndinamva mantha m'mawu mwanu, ndipo sindikukuimbani mlandu. Kukhala kutali n'kumamva kuti kholo lagwa pamsewu ndi chinthu chowawa. Ndinati chabwino achimwene, ndipo ndinachitadi. Ndinamunyamula Ulusi ndi kamatiresi kake. Mayi woyang'anira agalu sanandinyoze, anangoti zimachitika, khola lake likadalipo. Ndisanafike n'komwe pachipata, nditacheuka, Ulusi anali atayamba kale kuzungulira.

Abambo sanandikalipire. Bola akanatero. Anabweza mpando pakhonde, nsapato zinabwerera kunsi kwa bedi, mawu nawo anatha. Nyumba inangoti zii. Ndinkapeza bweya pazigamba zanga n'kumalephera kulitaya.

Tsiku lina m'mamawa ndikutsegula makatani ndinawaona pabwalo. Anali osavala nsapato, ndodo ili m'manja, mutu uli pansi, akuyenda m'kanjira ka Ulusi pafupi ndi mpopi. Anazungulira, anazunguliranso, phazi lodwala likukhwekhwereza fumbi. Geti ndinali nditakiya monga munanenera, kiyi ali m'thumba langa la epuloni. Ndinamva ngati kiyiyo akunditentha.

Ndiye nachi chimene ndalembera kalatayi. Ndinakamutenganso Ulusi tsiku lomwelo. Ali pano, wagona paphazi la abambo pamene ndikulemba. Geti sindikiyanso. Ndakhala ndikukubisirani pafoni, ndipo bodza limeneli landilemera kuposa galuyo.

Sindinachite mwachibwana. Mayi woyang'anira agalu uja amabwera Loweruka kudzatiphunzitsa mmene tingamuzolowezere anthu. Anatipatsa lamba wodutsa pachifuwa, wosakhudza khosi, abambo anauyang'anitsitsa ngati mita yokayikitsa kenako anauvomera. Poyenda ndimapita nawo. Mwini golosale tsopano amamusungira Ulusi zinyenyeswa, ngakhale amamupatsa ataima kuseri kwa kauntala. Tsache Ulusi amaliopabe, ndipo mvula ikagunda amabwerera kukanjira kake. Mwina sadzasiyiratu.

Sindingakulonjezeni kuti abambo sadzagwanso. Akhoza kugwa mawa lomwe. Koma ine ndawaona atakhala osagwa chaka chathunthu, ndipo ndikukuuzani monga mwana amene amawaona tsiku ndi tsiku kuti kukhala kuja kunkawatha kuposa bala la pachipumi. Ndinu wamkulu, nyumba ino ndi yanu ngati mmene ilili yanga, ndipo sindifuna kuti mukadzabwera tidzayang'anane ndi diso lofiira chifukwa cha galu. Ndikupempha mundilole, ndi mtima wanu wonse, kuti Ulusi akhale. Mukadzafika musadzamuthamangire. Mudzangokhala pansi momufulatira, buledi ali m'thumba, adzabwera yekha.

Ndawauza abambo kuti ndikulemberani, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Ayamba akanda kaye Ulusi kuseri kwa khutu. Kenako anena kuti ndilembe monga anenera, ndisakometsere.

"Umuuze mkulu wako kuti njinga ija apatse wina amene akuifuna. Ine anditumizire nsapato. Izi zatha."

Ndazitembenuza kuti ndione, achimwene, ndipo n'zoona. Yakumanzere ndi ntchito ya Ulusi, koma zidendene zonse ziwiri zaperepeseka ndi msewu. Saizi yawo ndi yomwe ija mumavala inu. Musankhe zolimba, chifukwa akuti mwezi wamawa akufuna akamuonetse Mayi Ulusi misewu yonse imene ankagwiramo ntchito.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo ndayamba kudula. Ana muwapsompsone, muwauze kuti azakhali awo ali ndi mlendo wamiyendo inayi amene akuphunzira kugwedeza mchira. Mulungu akusungeni pantchito ndi panjira, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Kansingano