Phokoso la m'mawailesi ndi shopu ya mkamwini

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likulola kuyenda? Kuno tili bwino. Akundilembera ndi mwana wanu wamkuluyu, ndipo wandichenjeza kale kuti pepala ndi limodzi.

Achemwali, tinatsala pang'ono kulira! Mawailesi ndi ma TV a mumzere wathu wa mashopu anayamba kukhosomola, ndipo anthu onse analoza mkamwini wathu wowotcherera zitsulo uja. Mwini mashopu anamuuza kuti Loweruka likafika asamuke. Ana akanadya chiyani?

Koma ine paja ndimaswera pabenchi, wailesi kukhutu. Ndinamva kuti phokosolo lili ndi kayendedwe kake: lithamange, liime, kenako kawiri mwachidule. Ndinati ayi, uku si kuwotcherera, uku n'kupinda mpendero! Malemu mlamu wanu anandisokera pafupi ndi khutu zaka makumi atatu, ndingaiwale?

Lachinayi kunabwera mayi wa ku ofesi yoyang'anira mafunde a wailesi, atanyamula kabokosi koyezera phokosolo, kokhala ndi tinyanga. Ndinamuuza kuti ayambire kwa atelala a mumzere womwewu. Anthu anaseka, ometa tsitsi n'kunena kuti agogo akalamba mpaka makutu. Mayiyo sanaseke. Anauza mkamwini kuti azimitse makina ake, koma phokoso osatha. Atelala atangoponda makina awo osokera, muvi wa kabokosi kaja unalumpha ngati wapsa!

Zinapezeka kuti atelala anaika kamota kotchipa, kosayesedwa, pa makina awo. Mayiyo anafotokoza kuti chipangizo chamagetsi chili ndi malire a phokoso, chisamasokoneze zinzake, monga anthu ogundana makoma. Sanawatsekere shopu. Anawauza kuti aikemo kachinthu kosefa phokoso, kochepa ngati chala, ndipo anawamangirira ndi mkamwini yemweyo. Iye sakusamukanso. Ometa aja anandimeta ulere, maso ali pansi.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire wailesi yanga yakale ija, yomanga ndi mphira, imene munkati idzandigonthetsa. Mayiyo akuti zakalezo zimagwira bwino phokoso lotere, ndipo a mzere wakuseri andiitana kale kuti ndikamvetsere kwawo.

Mupereke moni kwa alamu, kwa adzukulu onse, ndi kwa azakhali ngati akundikumbukirabe. Wolembayu akuti dzanja latopa, chonsecho sindinayambe n'komwe.

Ndine mlongo wanu,
amene munkamuti wamakutu a miseche