Atsibweni akukana kuti mkazi wanga apite ku Halale

Aphungu,

Ndagwira njakata. Ndine bambo wa ana atatu. Kwathu ndi ku Linthipe, koma ndinakwatira chikamwini kufupi ndi Mayani. Ndimagwira ntchito ya nkhalango pa Phiri la Dedza, kudzala paini ndi kulambula njira zotchinga moto. Pakati pa sabata ndimagona kuntchito komweko, Loweruka ndi pomwe ndimapalasa njinga kupita kwa mkazi wanga, amake Jesinta. Dzina lawo lapaubwana ndi Zilole.

Chaka chatha mvula ikuyamba anandionetsa kachotupa pa bere lakumanzere, kakang'ono ngati nzama. Sikankapweteka. Tonse tinati ndi mkaka wotsalira, poti mwana wathu wotsiriza anali atangosiya kuyamwa. Apongozi anga aakazi anawatemera mphini, anawathowa ndi masamba, koma ayi ndithu. Lero chafika ngati mbatata ya kachewere, chalimba gwa, khungu lapamwamba lachita makwinya, ndipo m'khwapa mwatulukanso timibulu. Mtsuko wa madzi sakuthanso kudzitwika okha.

Masabata apitawa ndinawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala. Dokotala wachizungu anawapima, kenaka anayankhula nthawi yaitali ndi bambo wovala zoyera amene amamasulira. Bamboyo anatiuza kuti matendawa dzina lake ndi khansa. Anati bere liyenera kukadulidwa kuchipatala chachikulu, ndipo akatero apitirire pa sitima mpaka ku Halale, kumene kuli makina owotcha mizu ya matendawa. Kwathu kuno makinawo kulibe. Ndinafunsa kuti, “Nanga si anatiuza kuti chibwerere Chitaganya cha maiko atatu chino zipatala zonse zakhala za boma limodzi?” Anangomwetulira n'kuti, “Inde bambo, koma ndalama zake amagawira komweko, ndipo makinawo anaika komweko.”

Anatinso boma lidzapereka tikiti ya wodwala yekha, womudikirira adzionere yekha. Malo akuti ndi osowa, mayina ambiri amabwezedwa, koma dokotala alimbikira kuti la Zilole lilowe. Kenaka dokotala uja anafunsa kuti, “Mwamuna wake ndani?” Ndinaimirira. Anati, “Ukuvomera?” Aphungu, ndikanati chiyani ine? Mkazi wanga ali pomwepo, maso ali pansi, nsalu atagwira kukamwa. Ndinati inde. Galimoto la chipatala lidzawatenga kumapeto kwa mwezi uno.

Apa ndi pomwe ndinadziputira mlandu. Inu mukudziwa kuti kuno mkamwini alibe mawu pa moyo wa mkazi. Mwini mbumba ndi atsibweni awo, a Ganizani. Azungu amafunsa mwamuna, ife timafunsa atsibweni, ndipo ine ndi mantha aja ndinayankha ngati mzungu.

A Ganizani si munthu waukali ayi. Ndi iwo amene anandipatsa munda wa kudambo, ndipo njinga yanga ikathyoka sipoko amandikonzera ndi iwo. Koma nditawafotokozera anangokanda dothi ndi chala chakuphazi. Kenaka anati, “Akamwini, inu munabwera pano ndi njinga ndi bulangeti. Mwana wa mlongo wanga munamupeza ali wamkulu. Mwavomera bwanji kuti akadulidwe ngati munamubala ndinu?”

Chimene chikuwadya ndikuchidziwa. Mng'ono wawo, Masautso, anapita ku migodi n'kukafera komweko, mtembo osabwera. Kumudzi anaika thunthu la nthochi m'manda, gule n'kuvinira nthochiyo. Tsiku limene ndinawafotokozera za chipatala lija, a Ganizani anandiuza misozi ili lengelenge kuti, “Ndinaika kale nthochi m'malo mwa munthu. Yachiwiri sindiika. Ngati ndi imfa afere pano, timuone, timusambitse, timuike pafupi ndi agogo ake.” Anamaliza ndi mawu akuti mkazi wanga akapita n'kukafera kumeneko, mlandu wa mutu wake uli pa ine, ndipo ana anga sindidzawaonanso.

Mudzi nawo wadzaza mphekesera. Ena akuti amene amatengedwa pa galimoto la boma amakawapopa magazi, ati ndiye chifwamba chimenecho. Ena akuti makinawo amawotcha munthu mpaka mafupa. Ine ndinapitako ku sukulu ya mishoni, ndiye pagulu ndimati zonsezo ndi zabodza. Koma ndikakhala ndekha m'paini muja, mphepo ili kulira, ndimayamba kuzikhulupirira. Nanga wabwerako ndani woti timufunse?

Ndili ndi mantha, Aphungu, mantha enieni. Ndikawasiya pakhomo amake Jesinta, chinthucho ndikuchiona ndi maso angawa chikukula Loweruka lililonse. Ku Linthipe ndinaonapo mayi wina bere litaphulika n'kukhala chilonda chonunkha, abale ake n'kumamuikira chakudya pakhomo, iwo n'kuthawa. Ndikawatumiza, akayenda bwanji okhaokha mayi woti ndi ku Lilongwe komwe sanafikeko, chizungu sachidziwa? Akafuna madzi akumwa akapempha ndani? Ndinati ndiwaperekeze, koma kapitawo wanga wandiuza kuti ndikachoka nyengo ino ya moto, malo anga apatsa wina.

Amake Jesinta sakuyankhulapo kanthu. Loweruka lapitali ndinawapeza akukazinga mtedza umene tinasungira mbewu. Anauthira m'kathumba kansalu kamene asoka okha, n'kukapachika kudenga kumene ana sangafikire. Chirundu chawo chatsopano achapa n'kupinda. Jesinta akumuphunzitsa kupeta ndi kubereka mng'ono wake. Munthu angakazinge mbewu ngati akuganiza zodzadzalanso? Sindinawafunse, ndinaopa yankho lake.

Ndichite chiyani? Ndiwabe m'mamawa pa njinga n'kukawasiya kuchipatala atsibweni asanadziwe? Kapena ndipite kwa dokotala ndikabweze mawu anga? Ndithandizeni msanga, mwezi ukutha.

K. A. N.,
Mayani, Dedza.

Bambo K. A. N.,

Pepani ndi matenda. Kokani mpweya kaye, mantha anuwo ndawamva, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Njira ziwiri mwatchulazo zitayeni zonse. Mukawaba m'mamawa, mudzatsimikizira mudzi wonse kuti chifwamba chilipodi, ndipo chifwambacho ndinu. Mukabweza mawu kwa dokotala, malo aja apita kwa wina, ndipo dzina likachoka silibwerera msanga.

Ndisakunamizeni. Ine si dokotala, koma chotupa chofika m'khwapa ndi matenda aakulu, ndipo sindingalonjeze kuti akapita akachira. Ena amabwerako n'kulera ana awo, ena sabwerako. Zokhala pakhomo ndiye mukuzidziwa kale, munaziona ku Linthipe. Mphini zilekeke lero lomwe, chifukwa lumo pa chotupa chotere limangotsegula chilonda.

A Ganizani sanalakwe kukwiya. Munavomera pamalo posakhala panu, ngakhale kuti munachita ndi mtima wabwino. Ndiye musapite nokha kukawaphunzitsa ndi sukulu yanu ya mishoniyo, mungowonjeza moto. Tumizani mawu ku Linthipe nkhoswe yanu ibwere, mugwire nkhuku, mukhale pansi, mupepese monga mwa mwambo. Mukatero muwapemphe kuti mawu a inde kapena ayi akanene iwo eni pamaso pa dokotala. Akwezeni pa njinga yomwe amakukonzeraniyo. Kuchipatala mukanene poyera kuti awa ndiwo eni mbumba, bambo womasulira uja amvetsa.

A Ganizani sakuopa makina, akuopa nthochi ija. Ndiye akafunse okha zimene zikuwasowetsa mtendere. Tikiti yobwerera ilipo? Womudikirira akapezeka, akagona kuti? Zikavuta, uthenga umafika bwanji kumudzi, ndipo mtembo amatani nawo? Ndi mafunso owawa, ndikudziwa, koma ndi bwino kuwafunsa munthu adakali moyo, mayankho ake n'kuwamva ndi makutu anu nonse awiri.

Musaiwalenso kuti ku Halale kwadzaza anthu akwathu. Ku Mayani ulipo mudzi wopanda mwana wake kumeneko? Anthu amenewa amathandizana pa matenda ndi pa maliro pomwe. Funsani m'midzi, mupeze mmodzi wodalirika, mumulembere sabata ino kuti akawachingamire pa siteshoni ndi kumakawazonda. Mbumba isankhenso mayi mmodzi wolimba mtima woti awaperekeze, ndipo ngati pafunika kuti mbuzi ipite kumsika, ipite. Za kuntchito kwanu, kapitawo si ndiye mapeto. Pemphani kapepala kwa dokotala, mukaonekere nokha kwa bwana wa nkhalango.

Zopopa magazi ndi bodza. Lakula chifukwa anthu amangotengedwa kupita kutali osafotokozeredwa bwinobwino, otsala n'kumadzaza okha nkhani. Makinawo ndamva kuti amawauladi khungu ndipo munthu amafooka nawo, koma zopsa mafupa ayi.

Funso lanu lija la Chitaganya nanenso limandidya. Msonkho timakhoma tonse, koma mayi wa ku Mayani adutse maiko kuti akapeze chithandizo, yekhayekha, opanda ndi womutungira madzi yemwe! Kauzeni amene amakuyankhulirani ku khonsolo ya boma, akanene mobwerezabwereza mpaka akuluakulu atope nazo. Koma chotupa sichidikira msonkhano wa khonsolo, ndiye zimenezo zibwere pambuyo.

Tsopano ndikukalipireni pang'ono. Mwamva dokotala, mwamva atsibweni, mwamva kapitawo, mwafika polembera ine wakutali. Nanga mwini berelo mwamufunsa? Amuna nonsenu mukukokana pamutu pake, iye ali pomwepo, palibe ndi mmodzi yemwe wati, “Inu mukuti bwanji?”

Mwandiuza za mtedza. Ha, bambo inu! Anyamata a ku Mayani akamanyamuka ulendo wa ku Halale, azimayi awo amawakazingira chiyani, n'kuthira m'chiyani? Wofuna kudya mbewu chifukwa wataya mtima amadyera pa phale pomwepo, ana n'kudya nawo. Sasoka kathumba, sapachika kudenga, sachapa chirundu n'kupinda. Ine ndikuona kamba wa paulendo. Mayiyo wakhala akukuyankhani masiku onsewa, inu n'kumayang'ana kumbali.

Ndikhoza kulakwa, n'chifukwa chake mukafunse. Musadikire Loweruka, palasani njinga mukangowerenga yankho lino. Mukhale nawo awiriwiri, ana ali kutali. Akati sakufuna kupita, musawakakamize, thupi ndi lawo. Akati akupita, akanene okha pamaso pa atsibweni awo. A Ganizani akhoza kumukanira mkamwini, koma mwana wa mlongo wawo akati, “Atsibweni, ndikufuna ndilere Jesinta,” tione ngati pakamwa pawo patuluke mawu a ayi.

Chenjerani ndi mawu amodzi okha amene adzakuuzani pabwalo, akuti tiyambe taona mvula ikagwa. Musavomere zimenezo. Mwezi ukutha, bambo, ndipo galimoto lija lisadzabwerere lopanda munthu, kathumba kali chipachikire kudenga.

Aphungu.