Dzina la Emily Linalipo

Mphunzi,
Dedza.
19 Julayi, 2024.

Okondedwa Achemwali a Dorika,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Rumphi pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. M'mawa madzi a mumtsuko amachita kuluma mano. Amayi mwendo uja wayambiranso, koma kudimba sakulekako ngakhale tiwaletse chotani.

Mudabwa kuti ndakulemberani kalata pamene mwezi wathawu tinayankhulana pa foni, inu mukululutira kuti mng'ono wanu wakhoza mayeso a unamwino. Zimene ndikufuna kunenazi zikukana kutuluka pakamwa, ndipo za pa foni zimayenda, lero zili kwa inu, mawa zili kwa wina. Pepala mukawerenga mutha kuliponya pamoto. Chonde mutero.

Inu mayeso omwewa munakhoza mosavuta, ndiye mwina simudziwa mmene miyezi itatu yodikira zotsatira imatalikira. Chakudya ndikachiona mtima unkachita nseru, mpaka siketi ndinayamba kuimanga ndi pini. Mukudziwa kuti kuno netiweki imagwira pamwala waukulu uja wa kuseri kwa tchalitchi basi, ndiye ndinkakwerapo kasanu pa tsiku kukaona ngati pagulu lathu la kukoleji pabwera uthenga. Anthu anayamba kunditcha Adokotala a pamwala. Ndinayesa kupemphera korona, koma zala zikamayenda pamikanda mutu unkawerenga mafunso amene ndinaphonya. Ndinayesa kukumba kachewere mpaka manja kuchita matuza, osathandiza. Amayi nawo, m'malo mondilimbitsa mtima, ankangoti, "Mkulu wako sanaonde chonchi podikira. Amene walemba bwino saonda."

Emily mukumukumbukira, mwana wa a Levison, aphunzitsi opuma aja. Tinayambira limodzi sitandade wanu mpaka kukoleji, ndipo mayeso awa tinalembera m'chipinda chimodzi. Foni yake inagwera mumtsinje akuchapa, choncho ankadalira yanga. Masana aliwonse ankabwera ndi nzimbe m'manja.

"Kwabwera kanthu?"

"Ayi."

"Basi, zidzabwera. Gwira nzimbe iyi."

Ankatero akuseka, Achemwali. Ine ndikutha ngati sopo, iye masaya akutuluka. Ndinkamuyang'ana akutafuna nzimbe ija, madzi ake akutsikira m'chigongono, ndipo mumtima munkamera chinthu chimene sindinkachidziwa dzina.

Tsiku lina tili pamzere kuchigayo ndinamufunsa za funso lina la mlingo wa mankhwala a mwana, limene linkandisowetsa mtendere. Nditamuuza yankho langa anagwira pakamwa.

"Iii Falesi, sunawerengere kulemera kwa mwanayo?"

Ataona kuti azimayi a pamzere atchera khutu, anandigwira dzanja. "Usadandaule. Ngakhale utalephera, ubwereza. Ine ndizidzabwera kumapeto kwa sabata kudzakuphunzitsa."

Sananene monyoza, zimenezo ndikuvomera. Koma mayi wina anaseka nati, "Ohoo, ndiye Adokotala enieni ndi awa." Onse anaseka. Ndinasenza ufa wanga osatsanzika aliyense.

Mawa lake anandipeza ndikutsika pamwala. Sindinakonzekere, kapena mwina ndinakonzeka osadziuza, sindikudziwa.

"Emily, khala pansi."

"Zatuluka?"

"Sizinatuluke, koma Cathy wandilembera."

Cathy ndi mnzathu wa m'kalasi amene amakhala ku Lilongwe, ndipo tonse tinkadziwa kuti amamva zinthu msanga. Mtsikanayo sanandilembere kanthu kalikonse.

"Akuti waona mayina a amene alephera. Lako lilipo."

"Langa?"

"Lako."

Kenaka anafunsa, "Nanga lako?"

Mwaona? Anayamba wafunsa za ine. Ndinati langa sanalione. Anapempha kuti ndimuonetse uthengawo, ine ndinati ndafufuta chifukwa Cathy anaopa kulowa m'mavuto. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, nzimbe zili pamiyendo. Mawu akuti ndimangocheza anali palilime. Koma pamene ndinkayang'ana nkhope yake ikugwa, chinthu chimene chinandimanga pachifuwa kwa miyezi iwiri chinamasuka. Ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi. Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri za kachewere, Amayi mpaka anafunsa ngati ndamva nkhani yabwino.

Sabata yonse ankabwera kudzalira kwa ine, wopanda nzimbe tsopano. Ine ndinkamusisita pamsana ndi kumubwezera mawu ake omwe. "Usadandaule, ubwereza. Ndizidzakuphunzitsa." Iye n'kumandithokoza. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti bambo ake asamve mpaka zotsatira zenizeni zitatuluka, kuti apeze mpata wowakonza mtima. Ndinalonjeza. Madzulo a tsiku lomwelo ndinanong'oneza Amayi, ndikudziwa bwino lomwe kuti chimene Amayi amva Lachitatu, Lachinayi chafika kumphakati.

Lamulungu titatuluka mu Misa, a Levison anandiitana anthu onse ali pabwalo. Bambo amenewa anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo sanalepherepo mayeso chibadwire.

"Falesi mwana wanga, tabwera. Zimene ndikumvazi n'zoona?"

Emily anali kumbuyo kwawo, akundiyang'ana, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Pamenepa Mulungu anandipatsa khomo lotulukira, lotsegula ndithu. Ndikanangoti ndi mphekesera chabe.

"Ndi zimene ndamva, Aphunzitsi."

Mukuwadziwa a Levison, sakweza mawu ndipo samenya. Anangouyamba wa kunyumba, Emily pambuyo, anthu akutsatira chapatali ngati akupita kwawo. Inenso ndinali m'gulumo. Atafika anamuuza kuti atulutse mabuku ake onse, yunifomu yoyera ndi nsapato. Anamulozera khola la nkhumba.

"Ponya wekha."

Anaponya. Nkhumba zinathamangira, zikuyesa chakudya, n'kupondereza yunifomu ija m'matope.

"Ine ndaphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu," anatero a Levison, "palibe amene anandivula pagulu ngati wanga yemwe. Kuyambira lero odwala ako ndi amenewa. Uziwadyetsa, uziwakolopera."

Amayi ake, a Nangozo, anagwada n'kuwagwira mwendo wa buluku. Iwo anangoyang'ana pansi nati, "Nawenso ukufuna kulowamo?" Ine ndinaima pafupi ndi mtengo wa pichesi, manja ndapinda.

Pali mwamuna wina dzina lake Rafaelo, wa kutsidya ku Mozambiki, amene amabwera ndi lole kudzagula kachewere. Ali ndi mkazi ndi ana anayi. Anamufunsirapo Emily kawiri, ndipo kawiri konse Emily anabwera kudzandiseketsa nazo, amvekere, "Ine ndikwatiwe ndi matumba?" Patatha masiku anayi chichitikire za kukhola zija, anandipeza m'mawa kudimba, atanyamula kachikwama. M'manja mwake munkanunkha madeya.

"Ndikupita ndi a Rafaelo. Lole ili kumsewu."

"Emily, dikira kaye zenizeni zituluke."

Zimenezo ndinanena, Achemwali, mundiwerengereko. Koma ndinanena motsitsa mawu, ndipo kamodzi kokha.

"Ndidikire kuti andiwerengere pa tchalitchi? Bambo sandiyankhula, akafuna kundituma amauza mphaka. Ana akandiona amalira ngati nkhumba." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Mnzanga weniweni ndiwe wekha. Wina akanandibisira."

Ananditchulira dzina la mudzi umene akupita, nati ndisauze munthu. Kenaka anatulutsa kawotchi kake ka unamwino kopachika pachifuwa, kamene anakabisa tsiku la kukhola, n'kundiika m'manja. Anati ndikakhoza ndizikavala, kasaonongeke pachabe. Ndinalandira ndi manja awiri.

Zotsatira zinatuluka patapita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndinali ndekha pamwala. Dzina langa ndinalipeza, ndinakuwa mpaka mbuzi zinabalalika. Kenaka chala chinatsika chokha pamndandanda. Dzina la Emily linalipo. Pasanathe ola aphunzitsi athu a kukoleji analemba pagulu kuti m'kalasi mwathu monse amene wakhoza koposa ndi iyeyo, ndipo anzathu anayamba kufunsa kuti mwini wake ali kuti, bwanji sakuyankha. Cathy yemweyo analemba kuti, "Falesi, kamupsompsonereni mnzathuyo." Ndinathimitsa foni.

A Levison anabwera okha kunyumba. Anavala magalasi, n'kuyang'ana dzina lija pafoni yanga nthawi yaitali.

"Ndiye anayambitsa bodza lija ndani?"

"Mtsikana wina wa ku Lilongwe, Aphunzitsi."

"Mulungu amuone."

Ndinati ameni. Ndinkaganiza kuti anena zokamufuna mwana wawo, koma anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino. "Komabe mwana amene wakwera lole ya mwamuna wa mwini si wanga. Kukhoza kwakeko akadyere komweko." Analamula kuti dzina lake lisamatchulidwe pakhomo pawo.

Loweruka lapitali ndinakumana ndi Rafaelo pamsika wa pa Boma. Ndinayesa kumuzemba koma anandiona.

"Alamu! Ndamva kuti mwakhoza. Ndamvanso za mnzanu."

"Mwamuuza?"

Anaseka mpaka kutsamira lole. "Ndimuuze kuti andithawe? M'nyumba mwanga foni ndi imodzi, ndipo ili m'thumba muno. Akazi anga aakulu apeza wowapalira kumunda, onse ali pamtendere." Kenaka anandiyang'ana m'maso osaphethira. "Amene anafalitsa nkhani ija ndikanamudziwa, ndikanamugulira chitenje."

Ndinafunsa ngati Emily ali bwino. Anati amadwaladwala m'mawa, mwina ndi madzi achilendo, ndipo anatsinzinira diso limodzi. Inu ndinu namwino, ine ndine namwino, palibe chofotokozerana.

Mudzi umene ali ndikuudziwa ine ndekha. Pa njinga yamoto ndi ulendo wa maola atatu. Ndikudziwa chimene munena, kuti ndidzuke mawa ndipite. Koma taganizani. Akabwera adzapita kukatenga mapepala ake, adzakumana ndi Cathy, ndipo funso lake loyamba mukulidziwa. Pakutha pa sabata Mphunzi yense adzakhala atamva. Amayi adzalowa bwanji m'tchalitchi? Ine adzandilemba ntchito ndani, namwino amene anachita zotere kwa mnzake? Ndavutikira pepala limeneli zaka zitatu, Achemwali. Inenso ndinakhoza, sindinabere.

Ndinapita kukalapa, koma nditagwada ndinangonena za kupsa mtima ndi kujomba mapemphero a m'mawa. Chimene chikundiopsa n'chakuti ndikudyabe bwino. Siketi ija pini ndachotsa.

Pempho langa ndi ili. Mundifunsireko malo kumeneko, ngakhale pa kachipatala ka kumudzi kwenikweni kumene ena amakana, ngakhale poyamba ndizingothandiza podikira kulembedwa. Ndikufuna ndichoke kuno mwezi wa mawa usanathe. Amayi musawauze chifukwa chake, mungoti mukufuna ndikhale pafupi nanu. Ndipo poyankha musanditumizire mavesi, ndikuwadziwa onse.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gerevazio, muwauze kuti uchi uja unafika. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene sindinamuonebe. Amayi akupereka moni, akuti mafuta opaka mwendo atha. A Dominiko a kwa atsibweni akuti musawaiwale pa za jekete.

Moni wina ndi wa a Nangozo. Amabwera kuno m'mawa uliwonse amuna awo akapita kumunda, amangokhala pakhonde osanena zambiri. Anazindikira kuti ndikudziwa kumene kuli mwana wawo, ndipo ndawalonjeza kawiri kuti ndipita, kawiri konse ndapeza chifukwa. Lero abwera ndi mapepala amene ang'amba m'kope lakale la a Levison, ndi cholembera, akuti popeza ulendo ukundivuta ndingowalembera kalata, iwo sadziwa kulemba. Mapepala ake ndi ano. Ali pambali panga pano, akuwasendera Amayi nyemba, ndipo ndikangoimitsa dzanja amadzutsa mutu.

"Mwalemba kuti wakhoza?"

"Ndalemba, Mayi."

"Mwalemba kuti ndikumudikira?"

"Ndalemba."

Akudabwa kuti kalata yatalika chonchi, akuti Emily ali ndi mwayi kukhala ndi mnzake wa mawu ambiri okoma. Tsopano akuti ndiwonjezere chimodzi ndisanatseke, kuti asaope bambo ake, akabwera adzere kuseri, chitseko cha kukhitchini sakhoma.

Ndalemba.

Ndine mng'ono wanu,
Falesi.