Zitseko za Glenys

Lolemba, 5 Juni

Sabata yachisanu ndi chimodzi chimwalirire Glenys. Ndadya buledi wowotcha choimirira. Mvula tsiku lonse.

Lachiwiri, 6 Juni

Mwana wathu Bronwyn wabwera kuchokera ku Hobart kudzakonza m'galaja. Wavundukula mabulangete kukhoma, wapeza masipika aja. "Adadi, zitseko zija zikadalipo?" Dzinalo anawapatsa ndi mayi ake, poti ndi athyathyathya, ataliatali ngati munthu. Zaka khumi ndi zinayi ali mmenemo.

Wandifunsa chifukwa chimene ndinawachotsera. Ndamuuza. Masipikawo amafuna kuima mita yathunthu kutalikirana ndi khoma, ndipo amamveka bwino pampando umodzi wokha. Ukasendera pang'ono, zatha. Glenys anati, "Nyumba ya anthu awiri, nyimbo ya munthu mmodzi?" Ndinagula a bokosi. Amenewo amamveka paliponse, ngakhale kukhitchini. Sindinadandaule. Mwina pang'ono.

B. waimbira Warwick, mnzanga wa ku kalabu ya okonda zoimbira. Adzawatenga Loweruka 10 koloko. Ndati chabwino. Masiku ano chilichonse ndimati chabwino.

Lachitatu, 7 Juni

Warwick wabwera kudzawaona, atanyamula mapayi awiri a nyama. Wadya onse.

Akuti iyenso anawasiyapo oterewa. "Ng'oma sizimagunda pachifuwa, aise, zimangonong'ona." Patatha zaka zitatu anabwerera. "A bokosi amakuuza kuti kuli munthu akuimba. Awa amamulowetsa m'nyumba, mpaka umafuna kumuphikira tiyi."

Potuluka wafunsa za sidi ya kwaya ya Glenys, imene Warwickyo anajambula yekha muholo ndi maikolofoni awiri. Ndati ilipo. "Unaimvetserapo pa zitsekozi?" Ayi. Inajambulidwa zitapita kale kugalaja. Pa a bokosi ndi mawu a anthu makumi anayi osakanikirana, Glenys sindimupezamo. "Pa awa umachita kuloza munthu ndi chala," watero, kenaka wayang'ana nsapato zake.

Lachinayi, 8 Juni

Masipika aja ndawalowetsa pabalaza, imodziimodzi, pa kangolo konyamulira firiji. Msana. Nditapinda kapeti ndapeza zizindikiro zanga za selotepi zikadali pansi. Glenys ankakolopa mozilambalala zaka zonsezi, osanena kanthu.

Ndapukuta fumbi, ndalumikiza, ndaika sidi. Mawu ake ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Ndakweza, chimodzimodzi. Afa basi.

Ndimayembekeza kuti ndimva chisoni. Palibe. Ndazimitsa masoketi onse kukhoma ngati masiku onse, ndatsuka kapu.

Lachisanu, 9 Juni

Ndayesanso mmawa. Chimodzimodzi. Ndaimbira W. kuti asavutike ndi galimoto, ndikawataya.

"Unawasiya pamagetsi nthawi yaitali bwanji?"

Ndati mphindi zochepa, kenaka ndinazimitsa kukhoma.

Waseka mpaka kutsokomola. "Mdala iwe, wakalamba! Zaka khumi ndi zinayi ali ndi njala, iwe ukuti aimbe pomwepo? Kapulasitiki kam'katiko kamafuna kamwe magetsi tsiku lathunthu. Si ndiwe unandiphunzitsa zimenezi?"

Ndi ine ndithu. Kuzimitsa kukhoma linali lamulo la Glenys, ankaopa moto. Masipikawa ankawakhululukira okha, monyinyirika. Ndinaiwala zonsezo, dzanja linangotsatira lamulo.

Akuti abwerabe mawa 10 koloko. Ndayatsa. Ndamata selotepi pa switchi kuti dzanja lisayerekezenso.

Madzulo ndayeza ndi chingwe kuchokera ku sipika iliyonse. Malo omvera akugwera pamene pali mpando wobiriwira wa Glenys. Titachotsa zitseko anaukokera pamenepo chifukwa cha dzuwa. Magalasi ake akadali pa mkono wa mpandowo, khushoni ikadali yophwa mbali imodzi. Sindinaukhudze chiyambire. Kuusuntha sindingathe. Kukhalapo sindingathe.

Supu ya m'chitini. Theka.

Loweruka, 10 Juni

Ndinadzuka 6 koloko. Kuzizira. Ndinaika sidi, ndinaima kumbuyo kwa mpando. Masipika ndi amoyo ndithu, akumveka. Koma choimirira makutu ali pamwamba kwambiri, kwaya ili ngati ili m'chipinda china. Ndinawerama, msana unakana. Ndinayesa kampando ka kukhitchini pambali pake. Oimba onse anathawira ku sipika imodzi.

9 koloko inakwana. 9:30.

Ndinachotsa magalasi ake pampandopo, ndinawaika m'thumba la shati. Ndinakhala.

Holo yonse inatseguka kutsogolo kwanga. Amuna kumanja, chakumbuyo. Wina akutembenuza pepala. Nyimbo yoyamba Glenys ndinamusowa. Yachiwirinso.

Yachitatu, piyano isanamalize poyambira, mawu amodzi analowa okha, patsogolo pa anzake ndi kampweya kamodzi. Kumanzere, mzere wachiwiri, chapafupi ndi shelefu ya mabuku. Tsiku la konsatiyo ndinamuuza m'galimoto kuti unafulumira. Anakana. "Makutu ako agolidewo akunamiza, Des." Anakana zaka zonse.

Atangolowa choncho, pali kaphokoso kakang'ono m'mphuno, kamene ankachita akamadziletsa kuseka. Ankadziwa.

Ndinabwereza kanayi. Hutala ya galimoto sindinaimve. Ndinangoona Warwick ali pakhomo, zingwe paphewa, mabulangete m'manja.

"Nanga? Tinyamule?"

Ndinaloza ndi chala, kumanzere, pafupi ndi mabuku.

Anayang'ana pamene ndimalozapo, anandiyang'ana ine. Anaika mabulangete pansi, navula chipewa.

"Dzuka ndimveko, aise."

Ndinati ayi, sindidzuka. Aime kumbuyo, awerame.

Anawerama, chibwano pafupi ndi phewa langa, akununkha anyezi. Ndinabwezanso yachitatu.