Mwezi Wachita Mitala

Chezi, Dowa
24 Febuluwale 2023

Okondedwa achimwene a Moffat,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula yatikomera mtima, fodya wakhwima ndipo tayamba kuthyola. Koma za fodya zidikire kaye, mtima wanga ukuwira.

Mukukumbukira zija ankatiuza amayi, zoti mwezi uli ndi akazi awiri? Puikani, nyenyezi ya madzulo, amaudyetsa mpaka unenepe. Chekechani, ya m'bandakucha, amaumana mpaka uwonde. Alamu anu a Obed pondifunsira ananditcha Puikani, ine wopusa n'kumayesa dzinalo n'langa ndekha.

Lachitatu madzulo tinali pachigayo, magetsi atazima, tikudikira. Kumadzulo kunaoneka kamwezi katsopano kali pakati pa nyenyezi ziwiri zowala, ina pamwamba ina pansi, amayi onse maso m'mwamba. Mayi wina wachilendo, Judith, wogulitsa zitenje ku Dzaleka, analoza yapansi yowala kwambiriyo.

"Iyoyo ndine," anatero akuseka. "Amene akundifunsira amanditcha Puikani. Akuti wakunyumba kwawo ndi Chekechani, sawadyetsa."

Ndinafunsa mwaulemu kuti bambo amwayiwo ndani.

"A Obed, akulu a mpingo aja. Mukuwadziwa?"

Ndinati ndimangowamva.

Achimwene, ine Chekechani? Munthu anabwera pamudzi pathu nthiti zikuwerengeka, lero lamba sakumukwana, ndiye azikandinyoza kwa akazi a pamsika? Ndinasenza chimanga changa chosagaya n'kubwerera kunyumba. Ndinawapeza a Obed pakhonde nawonso akuyang'ana kumwamba. Akuti, "Puikani, taona, mwezi wachita mitala chaka chino." Ndinaseka nawo, ndipo ndinawaphera nkhuku.

Musadabwe. Ndiziwadyetsa ndithu, apeze mphamvu. Athyole fodya yense, asoke, apachike m'chigafa mpaka tsamba lomaliza. Akatero, inu ankhoswe anga mubwere pa Isitala. Mundawo ndi wa amayi athu, chigafa chili pamudzi pathu, iwo ndi mkamwini chabe. Anabwera ndi bulangete ndi Baibulo, adzatuluka ndi zomwezo. Kwa abusa ndikapita ndekha, tione ngati adzagawenso mgonero. Musandiuze zokhululuka, ndayesa kupemphera koma zakanika. Ndikufuna zimuwawe ngati mmene zandiwawira ine pamaso pa amayi anzanga, amene ankadziwa n'kungoweramitsa mitu.

Mwana wanga Tikondwe akupereka moni, sakudziwa kanthu ndipo musamuuze pafoni. Alamu anu nawonso akuti moni wambiri, akupempha kuti pobwera muwagulireko jekete la chisanu cha mu Juni. Muwagulire ndithu, achimwene, lochindikala bwino. Juni ameneyo sadzamuonera m'nyumba mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Lidia,
Puikani mpaka pa Isitala.