Mwala wa Mayina ku Univesidade

Achimwene a Victorino,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lifidzi tilipo, kungoti nyemba chaka chino sizinachite bwino.

Sabata yatha ndinakwera shapa, kaminibasi kaja, kukaona mwana wanga Celeste ku univesidade ya Akatolika ija. Anandionetsa chifanizo cha Amayi Maria, belu lakale, mpaka tinafika pa mwala waukulu wolembedwa mayina. Paja ine Chipwitikizi sindichidziwa, ndiye ndinkayesa ndi mayina a ana okhoza bwino. Ndinausisita mwalawo n'kunena kuti, "Limbikira mwanangu, lakonso lidzalembedwe apa."

Anaseka, kenaka chifuwa chinamugwira mpaka anakhala pansi. Mnzake amene anali nafe ndiye anandinong'oneza kuti amenewo ndi ana amene anamwalira asanamalize maphunziro. Mawu anga aja akundisowetsa tulo, achimwene.

Ndabwera naye kumudzi kuno. Zovala zonse zamukulira, ndipo mabuku ake wagawira anzake. Zimene ananena adotolo ku Ulongwe sindingathe kuzilemba m'kalata.

Munati mudzabwera pa Natale, mu Disembala. Chonde, musadikire Natale.

Ndine mlongo wanu,
Efigénia