Ndasiya Unamwino, Amayi Sakudziwa

Achimwene,

Ndasiya ntchito ya unamwino. Tsopano ndikugulitsa nsalu m'sitolo ya mmwenye pafupi ndi mlatho. Kuno tili bwino, chifuwa cha amayi chinatha. Kaya inu ndi alamu ku Salisbury?

Palibe anandichotsa. Odwala anachuluka, ine ndekha m'wodi, mpaka manja anayamba kunjenjemera ndikagwira jekeseni. Ndinaona kuti tsiku lina ndidzapha mwana wa munthu.

Amayi sindinawauze. Ndikapita kumudzi Loweruka ndimachapabe diresi loyera la unamwino lija n'kuliyanika poyera, iwo n'kumaonetsa anzawo.

Dzulo aNabanda, anzawo a amayi a kutchalitchi, anandipeza pakhomo pa sitolo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, nati, "Anamwino, mukugula chiyani lero?" Ndisanayankhe, mwini sitolo anafuula, "Esinati, yezera mayi awa mayadi awiri!" Ndinayeza, maso ali pansi. Iwo anapinda nsalu yawo n'kuchoka osatsanzika.

Ntchito ya m'sitolo sindichita nayo manyazi. Manyazi anga ndi diresi lija pachingwe.

Chonde alembereni amayi, inu amakumverani. Mulungu akusungeni. Mawa ndikwera basi, kuti amayi amve kwa ine asanakumane ndi aNabanda ku mapemphero Lachinayi.

Mlongo wanu,
Esinati